Akavalo ndi mabala a mumtima: mafunso ndi mayankho

Amene anakwerapo phiri la Zomba kufika cha ku Ku Chawe kapena ku damu la Mulunguzi akudziwa kuti kwa zaka zambiri kumtundako kwakhala kukuyenda akavalo onyamula alendo. Ambiri kumunsi kuno timangowaona ngati zosangalatsa za anthu andalama. Koma m'maiko ena nyama yomweyi, imene ena amati hatchi, imathandizira pa uphungu wa anthu amene anadutsa m'zoopsa ndipo mtima wawo sunakhazikikenso. Nawa mafunso amene anthu amafunsa akamva za nkhaniyi.

Mabala a mumtima amene mukunenawa ndi chiyani kwenikweni?

Ndi chimene chimatsala mwa munthu ngozi itapita kale. Chilonda chapola, maliro anatha, nyumba inamangidwanso, koma mkatimu munthu akadali pa tsiku lija. Achipatala amati PTSD zizindikiro zikapitirira mwezi umodzi ndipo zikusokoneza ntchito, sukulu kapena banja. Zoopsazo zimabwerera kumaloto, pena masanasana ngati zikuchitika pompano. Munthu amalambalala malo, anthu ndi nkhani zomukumbutsa. Chitseko chikangomenyeka wadzidzimuka, tulo sabwera, mkwiyo uli pafupi. Ena amangoti zii, osamva chisoni, osamva chimwemwe, nkumadziimba mlandu pa zinthu zimene sanalakwe.

Kuno zitsanzo sizisowa. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, alipo anthu m'mbali mwa Likangala ndi kuchigwa cha nyanja ya Chilwa amene mvula ikayamba kuomba pamalata usiku amakhala tsonga mpaka mbandakucha. Onjezanipo ngozi za minibasi ndi kabaza pamsewu wa M3, kugwiriridwa, nkhanza za m'banja, kuthyoleredwa nyumba ndi anthu a zikwanje, komanso zimene asilikali athu anaona ku DRC. Si misala, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Sikutinso aliyense wodutsa m'zoopsa amadwala: ambiri amakhazikika m'masabata oyambirira ngati ali ndi abale owagwira mkono.

Nanga kavalo akulowapo bwanji pamenepa?

Kutchire kavalo ndi nyama yosakidwa ndi zilombo, choncho moyo wake wonse ndi wokhala tcheru. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, ndipo amaona pafupifupi mozungulira monse kupatula patsogolo penipeni pa mphumi ndi kumbuyo kwa mchira. Khutu lililonse limatembenuka palokha. Munthu wa PTSD akaima nkumamuonerera amazindikira msanga khalidweli, pakuti ndi lake lomwe. Kusiyana kuli apa: kavalo akadzidzimuka amathamanga pang'ono, nkuima, nkuyang'ana, nkutulutsa mpweya wamphamvu m'mphuno, kenako mutu pansi wayambanso kudya msipu. Gawo lomalizali, lobwerera kumsipu, ndi limene thupi la munthu wovulala mumtima laiwala. Ntchito yonse yagona pa kuliphunziranso.

Chachiwiri, kavalo amayankha pompopompo. Mukamuyandikira mapewa ali m'mwamba, mpweya mwaugwira, mapazi akufulumira, iye amadzutsa mutu nkusendera kutali. Mukaima, nkupuma, nkumasula mapewa, nthawi zambiri amatembenuza khutu kwa inu ndipo pena amabwera kudzanunkhiza dzanja. Phungu atha kukuuzani kakhumi kuti thupi lanu lauma ndi mantha inu nkumati ndili bwino. Koma mukaona ndi maso kuti nyama yasendera chifukwa cha mmene mwaimira, simutsutsa.

Chachitatu ndi chimene ife timachiona chachikulu. Anthu ambiri, makamaka abambo ndi ana, sangathe kukhala pampando m'kachipinda maso ndi maso ndi mlendo nkumafotokoza zimene zinawachitikira. Kukhola maso onse ali pa kavalo, manja ali ndi burashi, ndipo palibe wokukakamizani kulankhula. Ndiye pali nkhani ya malire. Kavalo wamkulu amalemera makilogalamu 400 mpaka 550. Mayi amene "ayi" wake sanamvekepo m'nyumba, akaimika dzanja nkuona chinyama chotere chikubwerera m'mbuyo masitepe awiri popanda kuchimenya kapena kukuwa, thupi lake limaphunzira chinthu chimene mawu okha sakanaliphunzitsa.

Kodi kavalo amaona za mumtima mwa munthu? Si zamizimu zimenezi?

Ayi. Amaona kaimidwe, kayendedwe ndi nkhope, amamva mawu ndi kapumidwe. Ofufuza a pa yunivesite ya Sussex ku England anasonyeza mu 2016 kuti akavalo amasiyanitsa chithunzi cha nkhope yokwiya ndi ya munthu wosangalala, ndipo mtima wawo umagunda mofulumira akaona yokwiya. Zimathera pomwepo. Wina akakuuzani kuti kavalo wake amayamwa matenda kapena amaulula zinsinsi, tengani chikwama chanu muzipita.

Ndiye kuti ndizikwera?

Nthawi zambiri ayi. Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Kukwera kavalo ngati mafizo kumathandiza thupi, mwachitsanzo ana opuwala ziwalo, chifukwa kayendedwe ka kavalo kamagwedeza chiuno cha wokwerayo ngati mmene chimachitira munthu akamayenda. Njirayi inatchuka Lis Hartel wa ku Denmark, amene anapuwala miyendo ndi poliyo, atapata mendulo ya siliva pa mpikisano wa Olympics ku Helsinki mu 1952. Za mabala a mumtima zinabwera pambuyo. Bungwe la Eagala, limene linayamba ku America mu 1999, limaphunzitsa njira yongogwira ntchito pansi, osakwera konse. Kwa munthu amene thupi lake linachitidwa nkhanza, kukwezedwa pamwamba ndi manja a anthu ena kutha kudzutsa zomwezo zimene akuthawa. Pansi ali ndi ufulu wochoka nthawi iliyonse.

Tsiku la thandizo limayenda bwanji?

Musanamuone nkomwe kavalo, mumayamba mwakhala ndi phungu. Amafunsa za tulo, maloto, mowa ndi chamba, mankhwala amene mukumwa, matenda ena, ndiponso ngati maganizo odzipha amakubwererani. Mumagwirizana chimene mukufuna chisinthe, ndipo chikhale chogwirika: kugona maola asanu osadzuka, kukweranso minibasi ya ku Blantyre, kusiya kukalipira ana. Mumapangananso chizindikiro choimitsira zonse, monga kukweza dzanja.

Kawirikawiri amakumana kamodzi pa sabata, kwa mphindi 60 mpaka 90, masabata 8 mpaka 12. Malo ake ndi bwalo lotchingidwa, lotambalala mamita 15 mpaka 20, la pansi posaterera, kutali ndi msewu ndiponso kutali ndi maso a anthu odutsa.

Sabata yoyamba mwina simulowa nkomwe. Mumaima kunja kwa mpanda nkumaphunzira kuwerenga nyama. Makutu ogonekedwa kumbuyo, mchira wokwapulakwapula ndi choyera cha m'diso kuonekera zikutanthauza kuti patukani. Mutu wotsika, mlomo wakumunsi wolendewera, mwendo umodzi wakumbuyo utapumira pansonga ya chiboda, ndiye kuti mtima uli m'malo. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo sabata imeneyi si yotaya.

Kenako mumaphunzira kuyandikira. Mumadzera m'mbali cha paphewa, mukulankhula motsitsa mawu kuti adziwe pamene muli, nkumupatsa kuseri kwa dzanja kuti anunkhize. Mukayamba kupesa, burashi imatsata kumene ubweya wagonera, kuyambira pakhosi kupita kumsana. Apa phungu atha kukuuzani kuti muike chikhatho panthiti zake. Kavalo wodekha amapuma ka 8 mpaka 16 pa mphindi, mtima wake ukugunda ka 28 mpaka 44. Mumamva nthiti zikukwera pang'onopang'ono pansi pa dzanja, khungu lofunda, fungo la udzu ndi thukuta, ndipo mumayesa kutsatira: kukoka mpweya mukuwerenga mpaka 4, kutulutsa mpaka 6.

Masabata otsatira ndi otsogolera ndi chingwe cha mamita atatu, kumuimitsa, kumubweza m'mbuyo, kumudutsitsa pakati pa mitengo yogonekedwa pansi. Kavalo akakana kusuntha, phungu sathamangira kukuthandizani. Amafunsa kuti, "Mukumva chiyani m'thupi pakali pano, ndipo chili pati?" Wina amapeza kuti akakanidwa amakoka mwaukali, wina amapeza kuti amangosiya nkupepesa. Mphindi 10 kapena 15 zomaliza ndi zokhala pansi, kumwa madzi ndi kulumikiza zimene zachitika m'bwalo ndi za kunyumba. Gawo limeneli lisadumphidwe, chifukwa popanda ilo munthu wangocheza ndi nyama basi.

Ayenera kukhalapo ndani?

Anthu awiri, osachepera. Wina ndi wodziwa za maganizo amene anapita kusukulu yake ndipo ali ndi mapepala: katswiri wa zamaganizo, namwino kapena kiliniko ofesala wa matenda a maganizo, kapena phungu wophunzitsidwa za anthu odutsa m'zoopsa. Maso ake ali pa munthu. Winayo ndi wodziwa akavalo, ndipo maso ake sachoka pa nyama. Mutu umodzi susenza denga: munthu mmodzi sangaone nthawi imodzi kuti wodwala wayamba kuuma thupi ndiponso kuti kavalo wagoneka makutu. Funsani mapepala awo mosachita manyazi, ndipo funsaninso kuti chinsinsi chanu chisungidwa bwanji.

Umboni ulipo woti zimathandiza?

Ulipo koma ndi wochepa, ndipo tisanamizane. Kafukufuku wodziwika ndi wa pa yunivesite ya Columbia ku New York, amene anatuluka mu 2021. Asilikali opuma 63 a PTSD anakumana m'timagulu kamodzi pa sabata kwa masabata 8, mphindi 90 ulendo uliwonse, osakwera, ndipo pafupifupi theka anapeza kusintha kooneka. Vuto lake ndi loti panalibe gulu lina lofananitsira, kotero nkovuta kulekanitsa mbali ya kavalo ndi mbali ya kukhala panja, kukhala ndi anzako ndi kusamalidwa. Kafukufuku wambiri pankhaniyi ali ndi vuto lomweli.

Njira zimene zili ndi umboni wolimba, zimene bungwe la WHO linalimbikitsa m'malangizo ake a 2013, ndi uphungu wa CBT (wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake) wolunjika pa zoopsazo, ndi njira ya EMDR (yokumbukira zoopsazo pang'onopang'ono maso akutsatira chala cha phungu uku ndi uku). Ife tikuti: zimenezi ndiye nsima, kavalo ndi wothandizira. Amathandiza kwambiri munthu amene wakana kulowa m'chipinda cha uphungu, kapena amene thupi lake silinadekhe mokwanira kuti ayambe kukamba. Ndipo ngati mukumwa mankhwala a kuchipatala, musasiye chifukwa mwayamba za akavalo.

Ine ndimaopa ngakhale ng'ombe. Zingatheke?

Zingatheke, ndipo manthawo ndi poyambira pabwino, chifukwa ndi mantha amene mungathe kuwayeza ndi mapazi: lero mamita khumi, sabata yamawa asanu. Koma ngati zoopsa zanuzo zinachokera kwa nyama, kapena mwayesa kawiri katatu mantha akungokula, palibe chokakamira. Njira zina zilipo.

Ndani sayenera kuyamba?

Amene ali ndi maganizo odzipha pakali pano, amene akumva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuona, ndi amene wabwera ataledzera. Awa apite kuchipatala kaye. Wa khunyu losagonja ku mankhwala, wa mphumu imene imadzuka ndi fumbi kapena ubweya, mayi woyembekezera ndi wa mafupa ofooka ayambe aonana ndi dokotala. Amene anazunzapo nyama afunika kuunikidwa mwapadera. Ndipo ngati munthu akukhalabe nyumba imodzi ndi womuchita nkhanzayo, choyamba ndi chitetezo chake. Simungaphunzitse thupi kuti ngozi yatha pamene madzulo likubwerera ku ngoziyo.

Chimalakwika nchiyani?

Za thupi ndi zodziwika: kupondedwa phazi, kulumidwa, kumenyedwa theche. Pafupifupi zonse zimachokera ku zinthu zopeweka. Musaime kumbuyo kwa kavalo. Chingwe musachikulunge padzanja, chifukwa akadzidzimuka chimathyola zala kapena kukukokerani pansi; chipindeni nkuchigwira pakati. Valani nsapato zotseka, osati patapata. Chitenje chimangidwe zolimba kuti chisamauluke ndi mphepo, ambulera ndi majumbo zitsale kunja, ndipo mwana wa kumsana asalowe m'bwalo. Osamudyetsa chakudya padzanja, amazolowera kuluma. Amene katemera wake wa kafumbata ndi wakale akabaye, chifukwa tizilombo take timapezeka m'dothi ndi m'ndowe.

Za mumtima ndi zobisika, ndiye zoopsa koposa. Cholakwika chachikulu ndi kufulumira. Munthu atha kuoneka wodekha pamene wachoka m'thupi mwake: maso angoti tong'o, mawu atha, akungochita zimene wauzidwa. Wosadziwa amati zikuyenda bwino. Phungu wodziwa amaimitsa zonse, kavalo amatalikitsidwa, munthu amauzidwa kuponda pansi zolimba ndi kutchula zinthu zisanu zimene akuona, zinayi zimene akumva, mpaka abwerere. Cholakwika china ndi kumasulira chilichonse chimene kavalo wachita. Kavalo akachoka mwina ndi ntchentche kapena ludzu, ndipo kuuza mwana wamasiye kuti "wakukana chifukwa uli ndi mkwiyo" nkumuonjezera bala. Palinso kutsanzikana: munthu amamukonda kavaloyo, choncho tsiku lomaliza lidziwike kuyambira pachiyambi.

Mwana wanga anasiya kulankhula bwino chichitikireni ngozi, ndipo wayambanso kukodza pogona. Ndimutengere kwa akavalo?

Mayi, yambani ndi kuchipatala kuti amuone thupi ndi maganizo omwe. Musamukalipire za kukodzako, ndi mantha amene akutuluka. Akalola achipatala, ana a msinkhu wa kupulayimale amachita bwino ndi kavalo wamng'ono wofatsa, kwa mphindi 30 mpaka 45, inu muli pafupi pamene akukuonani. Musamufunse panjira kuti wanena chiyani. Ndipo pasapezeke womujambula kuti aike pa Facebook.

Ngati mukuganiza kuti wagwiriridwa, za akavalo ziiwaleni kaye. Thamangani naye ku One Stop Centre ya pa chipatala chachikulu cha Zomba, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72.

Kuno ku Zomba ndingayambire pati?

Tili ndi mwayi woti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, Zomba Mental Hospital, chili konkuno, ndipo sichithandiza ogonekedwa okha. Mutha kuyambiranso pachipatala chaching'ono cha kwanu kuti akutumizeni. Pa za nkhanza pali ofesi ya Victim Support kupolisi, nambala yaulere ya 116 ya ana ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, zimene bungwe la YONECO la konkuno limayankha. Mukaonana ndi phungu, mufunseni ngati kugwira ntchito ndi nyama kungalowe m'ndondomeko yanu. Dziwani kuti malo oyendetsa alendo pa akavalo si malo a uphungu. Kukwera ola limodzi m'nkhalango ya paini nkokoma, koma pakapanda phungu ndi ulendo chabe.

Chenjezo lina: musagule diazepam m'magolosale kuti mugone. Amazoloweretsa, ndipo WHO imaletsa kuwagwiritsa ntchito pa vuto lobwera munthu atangodutsa m'zoopsa.

Gulu lathu likufuna kuyambitsa ntchito yotere. Kusunga kavalo kumafuna chiyani?

Walira mvula walira matope. Sankhani mfule kapena wamkazi wokhwima, wazaka 8 kupita m'tsogolo, wozolowera anthu. Wamphongo wosafula ayi. Musasunge mmodzi yekha, chifukwa ndi nyama ya m'gulu ndipo akakhala yekha amasokonezeka. Kavalo wa makilogalamu 450 amadya udzu wouma pafupifupi makilogalamu 9 patsiku ndi kumwa malita 25 mpaka 50, kotero udzu wa Seputembala mpaka Novembala uyenera kudulidwa ndi kusungidwa mvula ikangotha. Ziboda zimadulidwa masabata 6 mpaka 8 aliwonse, mano amaonedwa chaka ndi chaka.

Pa chakudya ndi pamene anthu a kuno amaphera akavalo mosadziwa. Madeya ochuluka amafooketsa mafupa mpaka nkhope kutupa, chifukwa ali ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa. Chimanga cha chuku chimaononga ubongo wake. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chimene muli mankhwala otchedwa monensin chimamupha ngakhale chochepa. Kavalo satha kusanza, ndipo kusintha chakudya mwadzidzidzi kumabweretsa kupotokola kwa m'mimba. Mukaona akupalasa pansi, kuyang'ana kumimba ndi kugubuduka, itanani dokotala wa ziweto nthawi yomweyo.

Matenda oopsa kwambiri ndi African horse sickness, amene amafala ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma kuyambira madzulo mpaka m'mawa, makamaka nyengo ya mvula, ndipo atha kupha akavalo 9 mwa 10 osatemera. Katemera ndi wa chaka ndi chaka mvula isanayambe, ndipo azilowa m'khola lotchingidwa dzuwa lisanalowe. Nkhupakupa zichotsedwe tsiku ndi tsiku, katemera wa chiwewe ndi kafumbata asaphonye. Madera otentha a kufupi ndi nkhalango ya Liwonde kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda ku ziweto, ndipo kuzizira kwa paphiri kumawayanja akavalo kuposa kuchigwa. Pa ntchito ya uphunguyo asapitirire anthu awiri kapena atatu patsiku, ndipo akayamba kutembenuzira anthu mbuyo kapena kuluma, wakuuzani kuti watopa.

Bulu sangagwire ntchito yomweyi?

Angathe, ndipo kwa ife mwina ndiye wanzeru. Ndi wotsika mtengo, wamfupi kotero ana samuopa kwambiri, amapirira matenda aja a tizilombo touluka kuposa kavalo, ndipo amapezeka ku Dedza ndi ku Lilongwe. Khalidwe lake ndi losiyana: akaopa amaima nji m'malo mothawa, zimene anthu amati makani. Amabisanso ululu, choncho bulu wongoti phee osadya ndi wodwala kwambiri. Amene anazolowera kukwapulidwa pangolo amafuna miyezi kuti akhulupirirenso dzanja la munthu. Malamulo ndi omwe aja: anthu awiri, mmodzi wa munthu, wina wa nyama.

Ndidziwa bwanji kuti zikundithandiza?

Musayezere mmene mukumvera muli kukhola, pakuti kumeneko pafupifupi aliyense amamva bwino. Yezerani kunyumba. Gulani kope, ndipo m'mawa uliwonse lembani maola amene mwagona, ngati munalota zoopsa, ndi kangati dzulo munadzidzimuka kapena kupsa mtima. Funsaninso amene mumakhala nawo, amaona zimene inu simuona. Masabata awiri oyambirira maloto atha kuchuluka pang'ono. Muuzeni phungu kuti achepetse liwiro. Koma ngati mwafika ulendo wachisanu ndi chimodzi m'kopemo mulibe kusintha, kapena mowa wachuluka, kapena maganizo odzipha abwera, imani kaye ndipo mubwerere kuchipatala mutanyamula kopelo.